Sikafu ikupindika, juzi yakula, manja akupweteka: ndingosiya kuluka kodi?

Mayi wina wandilembera chonchi: "Ndinayamba kuluka ndi singano ziwiri miyezi ingapo yapitayo, ndinkangoonera mavidiyo pa foni. Anthu amati kuluka kumakhazika mtima pansi koma ine kukungondikwiyitsa. Sikafu yanga ikupindika m'mbali, ndimayamba ndi masitichi 30 koma ndikaluka pang'ono ndimapeza 34, pena mabowo osadziwika komwe achokera. Ndinalukira mwana wanga juzi, thupi lakula koma mutu sukulowa pakhosi. Manja akupweteka, komanso abale ayamba kale kundiuza kuti ndiwalukire. Kukoma kwake kuli pati, kapena ineyo ndilibe luso ndingosiya?"

Amayi, musasiye ayi. Pa zonse mwatchulazi palibe olo chimodzi chomwe chikuonetsa kuti mulibe luso, munthu amene wamaliza juzi yathunthu patangotha miyezi yochepa manja ake akugwira ntchito bwinobwino. Chomwe chatsala kwa inu ndi maso. Panopa mukuluka ndi manja okha, mukutsatira zomwe vidiyo yanena, koma simunayambe kuyang'ana chomwe chili pa singanopo n'kuchizindikira kuti ichi ndi chakuti, nde chilichonse chikalakwika chimakhala ngati changokugwerani, simukudziwa chachokera kuti komanso mungachibweze bwanji. Mkwiyo wambiri wa anthu oyamba kumene umachokera pamenepo. Anthu oluka bwino aja musaganize kuti salakwitsa, amalakwitsa tsiku lililonse, kungoti amaona msanga n'kukonza osatekeseka.

Nde tiyambe ndi kuona. Tengani sikafu yanuyo mukhale pamalo owala. Mbali imodzi muona timizere tooneka ngati chilembo cha V tokwerana kuchokera pansi mpaka pa singano, mukatembenuza mbali inayo muona timabampu. V uja ndi amene patani imamutcha knit, kabampu ndi purl, koma ndi sitichi imodzi yomweyo, mukungoyiona kumaso kapena kumsana. Sitichi iliyonse ndi kalupu ka ulusi komwe kadutsa mkati mwa kalupu kapansi pake, basi, palibe mfundo paliponse. Sankhani V mmodzi pansi mumulondole ndi chala mpaka akafike pa singano. Mzere wokwera umenewo uyenera kuthera pa kalupu kamodzi. Mukapeza mzere womwe wayambira pakatikati pa nsalu, pansi pake pali bowo, mwapeza pomwe sitichi yowonjezera inabadwira. Mukapeza womwe wathera panjira osafika pa singano, mwina munaluka awiri pamodzi kapena imodzi inagwa.

Za kupindika zija si vuto lanu olo pang'ono. Mukamaluka mzere umodzi knit wina purl, mosinthana choncho, nsalu yomwe imatuluka imatchedwa stockinette, ma V onse mbali imodzi mabampu onse mbali inayo, ndipo mbali ziwirizi sizikoka mofanana. N'chifukwa chake m'mbali imapindikira kumsana pomwe pansi ndi pamwamba imapindikira kumaso. Aliyense zimamuchitikira, olo woluka wa zaka makumi anayi, olo makina. Pa juzi sizioneka chifukwa m'mbali mumasokedwa ndipo pansi pali rib, malukidwe otamuka aja osinthanitsa knit ndi purl mumzere womwewo. Musayese kuyiwongola ndi ayironi, ikazizira ibwereranso, ndipo ngati ulusi wanu ndi acrylic ndiye zoopsa chifukwa acrylic ndi pulasitiki, ayironi yotentha imamusungunula kapena kumufooketsa mpaka nsalu imangoti lende osabwereranso. Mankhwala ake ndi kusakaniza ma V ndi mabampu mbali zonse kuti kukokana kufanane: lukani knit yekhayekha mizere yonse, imeneyo ndi garter ndipo imagona phee, kapena rib, kapena siyani masitichi 4 kapena 5 mbali iliyonse akhale a garter pakati pokha pakhale stockinette. Yomwe mwaluka kaleyo, ngati ili yotambalala bwino, ipindeni pakati m'litali musoke m'mbali ikhale yophatikiza, imakhala yofunda kwambiri komanso kupindikako kumakuthandizani.

Ndinene maganizo anga apa, ine sindigwirizana ndi zoti munthu woyamba aziyamba ndi sikafu. Ndi yaitali kwambiri, masentimita 150 kapena kuposa a chinthu chimodzimodzi, pofika kumapeto manja asintha kale ndiye koyambira kumakhala kothina kothera kotakasuka, munthu n'kumaona ngati walephera pomwe wangophunzira.

Tsono masitichi 30 kusanduka 34. Nthawi zambiri wolakwa amakhala sitichi yoyamba ya mzere. Mukatembenuza ntchito kuti muyambe mzere watsopano, ulusi uyenera kulendewera pansi pa singano. Mukaukokera m'mwamba n'kuudutsitsa pamwamba pa singano kupita kumbuyo, umakoka sitichi ya mzere wapansi n'kuikweza, miyendo yake iwiri imadzakhala pa singanopo ikuoneka ndendende ngati masitichi awiri, inu n'kuluka onse awiri. Yesani dala muone, kokerani ulusi m'mwamba muone awiri, ubwezereni pansi muone imodzi. Mukangoziona kamodzi ndi maso anu simudzapusitsikanso. China ndi posintha kuchoka ku knit kupita ku purl, ulusi uyenera kudutsa pakati pa nsonga ziwiri za singano, ukadutsa pamwamba umasiya kalupu katsopano, mzere wotsatira mukakaluka kamakhala sitichi yowonjezera ndi bowo pansi pake. Zoluka zamabowobowo zokongola zija amazipanga choncho kumene, kungoti iwo amachita dala pamalo omwe patani yanena. Pena singano imangobaya pakati pa ulusi n'kuugawa pawiri, makamaka ulusi wosapotedwa bwino.

Palinso ili lomwe limagwira amayi ambiri a ana aang'ono. Muli pakati pa mzere, mwana walira, mwasiya ntchito pampando, pobwera mwanyamula motembenuza n'kuyamba kubwerera komwe munachokera. Pamenepo pamatsala bowo ndipo mbali imodzi imatalika ndi mizere iwiri. Lamulo lake ndi losavuta: mukasiyira pakati, singano yomwe ili ndi sitichi yomwe ulusi wa ku mpukutu ukutulukira ikhale kudzanja lamanja. Ndipo werengani masitichi pakutha pa mzere uliwonse mpaka manja azolowere, zimatenga masekondi ochepa. Akachuluka dulani tizidutswa ta ulusi wa mtundu wina mumange timphete, muzilowetsa kamodzi pa singano pakatha masitichi 10 aliwonse, nde mukasokoneza mumadziwa kuti ndi m'gulu liti.

Chomwe ndimakakamiza aliyense amene ndikumuphunzitsa ndi ichi, ndipo ambiri amakana poyamba. Lukani kansalu koyeserera, masitichi 20 mizere 20, ndi ulusi wowala wosalala, osati wakuda kapena waubweyaubweya chifukwa mmenemo simuona kanthu. Kenako gwetsani sitichi imodzi dala pakati, muikoke itsike mizere isanu. Muona timaulusi topingasa tatsala motsatizana ngati makwerero, pansi pake kalupu kali pompo kakudikira. Tengani kangowe ka crochet, ma V akuyang'anani, lowetsani m'kalupuko kuchokera kutsogolo, kolani kaulusi kopingasa kapansi kwambiri mukadutsitse m'kalupu, kenako kotsatira, kotsatira, mpaka pamwamba, bwezerani pa singano. Palibe amene angadziwe kuti panagwa kanthu. Ndimakonda kuyang'ana nkhope ya munthu akachita zimenezi koyamba, mapewa amatsika, amayamba kupuma bwino, chifukwa chinthu chomwe amachiopa kwambiri wachigwira ndi manja ake. Ndipo njira yomweyo ndi imene mumakonzera purl yemwe walowa pamalo pa knit mizere isanu ndi umodzi pansi, mumangotsitsa mzere wokwera umodzi wokhawo osamasula ntchito yonse. Sitichi ikagwa mulibe kangowe pafupi, ikoleni ndi pini yotseka ija isapitirire kutsika, mudzakonza nthawi ina.

Kumasula nakonso ndi mbali ya kuluka, osati chilango. Kumawawa inde, kuona ntchito ya madzulo atatu ikubwerera ku mpukutu m'mphindi ziwiri, sindikunamizani. Koma taganizani, wosoka akadula nsalu molakwika yapita imeneyo, pomwe inu ulusi wanu ulipo wonse, mwangotaya nthawi ndipo nthawiyo manja amaphunziramo. Ngati mukuluka chinthu chovuta, mukafika pamzere womwe mukudziwa kuti zonse zili bwino tengani singano yosokera ndi ulusi wopyapyala wosalala wa mtundu wina muudutsitse m'masitichi onse ali pa singano, muusiye momwemo muzipitiriza. Zikasokonekera kutsogolo mumasolola singano n'kumasula mopanda mantha, kumasukako kumakaima pa ulusi uja masitichi onse ali bwinobwino. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, ngati wakhalitsa m'nsalu uzungulizeni pamsana pa mpando, mumange pang'ono m'malo angapo, muuviike m'madzi n'kuuyanika pamthunzi, umawongoka.

Koma si cholakwika chilichonse chofunika kumasula. Ine ndimayeza chonchi: ngati chipangitse chovala kusakwana, kapena chizipitiriza kumasuka chokha, konzani. Ngati ndi kasitichi kamodzi kopotoka m'khwapa komwe olo inuyo mumachita kukafunafuna, kasiyeni. Pali anthu amene samaliza kanthu chifukwa chofuna kuti sitichi iliyonse ikhale ngati ya makina, mapeto ake amadana nako kuluka.

Tibwere ku juzi ya mwana. Patani iliyonse yabwino imanena penapake kuti m'masentimita 10 muzikhala masitichi angati ndi mizere ingati, amalemba kuti tension kapena gauge, ndipo ndi mzere womwe anthu ambiri amaudumpha pothamangira kuyamba. Tiyerekeze patani yati masitichi 22 pa masentimita 10, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi ulusi wonenepa pakatikati womwe amautcha DK pa singano za mamilimita 4, ndipo chifuwa cha juzi chikhale masentimita 60 kuzungulira. Ndiye kuti akupatsani masitichi 132. Inu ngati manja anu ndi ulusi wanu zikutulutsa masitichi 19 pa masentimita 10, masitichi 132 omwewo akupatsani pafupifupi masentimita 70. Kusiyana kwa masitichi atatu okha komwe ndi maso simungakuone, koma pa thupi la mwana ndi saizi ina. Nde musanayambe chovala chilichonse chofunika kukwana munthu, lukani kansalu ka masentimita 15 mbali zonse, mukachape mmene mudzachapire chovalacho, kaume katagona, kenako ikani tepi pakati muwerenge masitichi m'masentimita 10, osati m'mphepete chifukwa m'mphepete mumanama. Akachepa pa nambala ya patani tengani singano zocheperako, akachuluka tengani zokulirapo. Ndikudziwa kuti zimatopetsa pomwe mtima uli pa juzi, koma ndi madzulo amodzi poyerekeza ndi masabata angapo.

Popeza mwati manja akupweteka, ndikuganiza kuti mumaluka mothina, nde kukula kwa juziko mwina kwachokera ku ulusi wonenepa kuposa womwe patani imafuna kapena ku singano. Manambala a singano amasokoneza kwabasi. Singano ya mamilimita 4, m'manambala akale a ku Britain ndi 8, m'manambala a ku America ndi 6, ndipo 8 wa ku America ndi mamilimita 5. Komanso manambala akale a ku Britain amayenda chobwerera, nambala ikamakula singano ikuchepa. Ndiye patani ikangoti nambala 8 osanena zambiri mukhoza kutenga singano yolakwika osadziwa. Muzidalira mamilimita basi.

Khosi ndiye nkhani yabwino, limakonzeka madzulo amodzi. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo mzere wotsekera masitichi sutamuka ngati nsalu ina yonse, ukathina mutu sudutsa. Pezani pomwe munathera, masulani mzere wotsekera wokhawo, bwezerani masitichi pa singano, mutsekenso pogwiritsa ntchito singano yokulirapo ndi milimita imodzi kapena iwiri kudzanja lamanja, ndipo potseka tsatirani rib, pa knit muluke knit pa purl muluke purl, osakoka. Mufunika ulusi wochulukirapo kuposa poyamba nde lumikizani wina. Zikakanikabe ndiye kuti masitichi a khosi anachepa, masulani rib yonse ya khosi mutolenso ochulukirapo. Thupi lokulalo lisakudetseni nkhawa, pindani manja a juzi, mwana akula ayipeza.

Za kupweteka kwa manja ndikufuna muzitenge mozama. Anthu oyamba amagwira singano mwamphamvu poopa kuti masitichi athawa, komanso amalukira kunsonga kwenikweni komwe singano ndi yowonda, ndiye kalupu kamapangika kakang'ono, mzere wotsatira kulowetsa singano kumakhala kulimbana, munthu n'kumakankha nsonga ndi chala mpaka chala kuchita chilonda. Sitichi iliyonse yatsopano muziyilowetsa mpaka pomwe singano yanenepa mokwanira, singanoyo ndi imene imayeza kukula kwa sitichi osati kukoka kwanu, ndipo mukamaliza sitichi musakokenso ulusi. Masitichi azitha kuyenda pa singano mukawakankha pang'ono. Ngati singano zachitsulo zikukutererani n'chifukwa chake mukufinya, yesani zansungwi kapena zamtengo, zimagwira ulusi pang'ono. Ulusi wa thonje sutamuka nde umatopetsa manja kuposa waubweya kapena acrylic. Chinthu chikakula, monga juzi kapena bulangete, kulemera kwake konse kumakhala kumapeto kwa singano zowongoka ndipo mikono ndi imene imanyamula, singano zolumikizidwa ndi kachingwe zija zimathandiza chifukwa katundu amakhala pamiyendo, ndipo mukhoza kulukira zinthu zafulati bwinobwino, mumangotembenuza ngati kale. Pakapita mphindi 20 kapena 30 ikani pansi, tambasulani zala, gwedezani mapewa, dzutsani khosi. Ena amagwira ulusi kudzanja lamanja n'kumauponya, ena kumanzere n'kumaukola ndi singano, njira zonse ndi zolondola ndipo kudziwa zonse ziwiri kumapumitsa dzanja limodzi. Koma mukayamba kumva dzanzi m'zala, makamaka usiku, kapena ululu womwe sukutha olo mwapuma masiku angapo, siyani kaye mukaonane ndi dokotala, zimenezo si zopirira.

Pali tina tokhumudwitsa tomwe simunakumane nato koma tikubwera. Ulusi kutha mutatsala ndi theka la mkono wa juzi, mukagula wina wa mtundu womwewo mupeza ukusiyana pang'ono, mzere wake ukuoneka poyera padzuwa. Pa lebulo pamakhala nambala ya mtundu komanso nambala ina ya dye lot, kutanthauza gulu lomwe linanyikidwa utoto limodzi, gulani wokwanira nthawi imodzi wa nambala yofanana ndipo muziyang'ana mamita osati magalamu okha, mipukutu iwiri ya magalamu 100 ikhoza kusiyana kutalika kwambiri. Zikavuta lukani mizere iwiri ndi wakale iwiri ndi watsopano mosinthana kwa kanthawi, kusiyanako kumabisika. Kuchapa nakonso kwaliritsa ambiri. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba ting'onoting'ono, ukakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kufikisa timambato timakolana, juzi imachepa n'kulimba gwa ndipo sizibwerera. Viikani m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, finyani mofatsa osapotokola, kulungani m'thawulo, yanikani chogoneka osati chopachika. Posunga chikhale chochapa, chifukwa mphutsi za njenjete zimadya ubweya makamaka wokhala ndi thukuta. Ndipo michira ya ulusi muzisiya yaitali, masentimita 15, kuti muyilowetse bwino m'nsalu ndi singano, mfundo yodulidwa pafupi imamasuka pochapa.

Nkhani ya abale. Tiwerengere limodzi. Ndi ulusi wa DK uja, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse kamakhala ndi masitichi 22 m'lifupi ndi mizere pafupifupi 30, ndiwo masitichi 660. Kutsogolo kwa juzi ya munthu wamkulu, tinene masentimita 50 m'lifupi 60 m'litali, muli timabokosi 30, masitichi 19,800. Ndi kumbuyo komwe tayandikira 40,000, manja a juzi tisanawerenge, ndipo iliyonse yadutsa m'zala zanu imodziimodzi. Amene akupemphayo sakudziwa zimenezi ndipo si kuti ndi woipa mtima. Kuchokera pomwe William Lee wa ku Calverton ku England anapanga makina olukira masokosi mu 1589, zoluka za makina zakhala zikuchulukirachulukira mpaka anthu anazolowera kuti juzi ndi chinthu chongotola, nde akamati mundilukireko amaona ngati akupempha kanthu kakang'ono. Muli ndi ufulu wokana, mwaulemu koma momveka. Ndaona anthu ambiri amene kuluka kunawakoma mpaka tsiku lomwe anavomera maoda asanu a masiku oikika, kuyambira pamenepo singano zinasanduka ngongole. Lukirani munthu amene mtima wanu wafuna, amene mukudziwa kuti adzavala komanso adzachapa mosamala. Enawo auzeni kuti bwerani ndikuphunzitseni, amene akufunadi abwera ndipo mupeza mnzanu wolukira limodzi. Abambo asazembe ponena kuti ndi ntchito ya amayi, pachilumba cha Taquile m'nyanja ya Titicaca ku Peru oluka ndi amuna, amayamba ali anyamata, ndipo UNESCO inalemekeza luso la nsalu la pachilumbachi mu 2005. Tom Daley wa ku Britain, katswiri wodumphira m'madzi, dziko lonse linamuona akuluka pamipando ya oonerera ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021.

Tsono kukoma kuli pati. Amene amati kumakhazika mtima pansi sakunama. Mu 2013 magazini ya British Journal of Occupational Therapy inatulutsa kafukufuku wa anthu oluka oposa 3,500, ndipo amene ankaluka pafupipafupi ndi amene ankanena kwambiri kuti amamva bata ndi chisangalalo. Koma batalo limabwera manja akayamba kuyenda okha, ndipo inu panopa mutu wonse uli pa sitichi iliyonse, mukuwerenga, mukuopa, nde mtima ungakhale pansi bwanji. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Limafika tsiku lomwe mumazindikira kuti mwaluka mizere khumi mukucheza ndi munthu osayang'ana pansi, zala zikumva zokha kuti apa singano yagawa ulusi, n'kubwerera zokha. Kuyambira pamenepo kudikira pamzere, ulendo wautali, madzulo omwe maganizo akuzungulira, zonse zimapepuka chifukwa manja ali ndi chochita chofatsa chobwerezabwereza ndipo pomaliza pali chinthu chogwirika chomwe m'mawa kunalibe.

Kwa ine chokoma kwambiri ndi pomwe chinthu chafulati chimasanduka chokhala ndi maonekedwe a thupi. Chidendene cha sokosi mwachitsanzo. Mumaluka timizere tosafika kumapeto, kutembenuka panjira, kuluka awiri pamodzi, kutembenukanso, koyamba mumangotsatira patani osamvetsa kuti tikupita kuti, kenako mwadzidzidzi m'manja mwanu muli kachikho kokhota bwinobwino kolowa chidendene cha munthu, kopanda msoko. Kutembenuka panjira komwe kunakupatsani bowo mwana atalira kuja ndi komweko komwe kukupanga chidendene, kusiyana kwake n'koti pano mukudziwa chomwe mukuchita. Ndipo anthu akhala akulimbana ndi chidendene kwa nthawi yaitali, zina mwa zoluka zakale kwambiri zomwe zilipobe ndi masokosi a thonje a ku Egypt a zaka 700 kapena kuposa zapitazo, oyera ndi abuluu, a mapatani ovuta omwe olo lero munthu amafunika kukhala pansi kuti awatsanzire. Zingwe zopotana za pa majuzi a ku Ireland otchedwa Aran zija nazonso zimaoneka zoopsa koma ndi kungosinthanitsa malo a masitichi, atatu adikire pa kasingano kena inu muluke atatu otsatira kenako mubwerere kwa odikira aja, basi. Tsiku loyamba kuona chingwe chikupotana pansi pa singano zanu simufuna kugona, mumangoti mzere umodzi wokha, umodzi winanso.

Palinso kuchapa koyamba. Chinthu chikachoka pa singano chimakhala chokhwinyata, masitichi ena aakulu ena aang'ono, mumachiyang'ana n'kukhumudwa. Chiviikeni, chiyaleni pa thawulo muchikonze m'miyeso yake, chiume. Masitichi amakhazikika n'kufanana, makamaka ubweya, mpaka mumadabwa kuti ndaluka ndine. Musaweruze ntchito yanu isanalowe m'madzi. Kutopa kwa pakatikati nakonso kuliko, msana wa juzi womwe sukutha, sokosi yachiwiri yomwe ilibenso chachilendo chifukwa zonse munaziona pa yoyamba. Ine ndimalangiza kukhala ndi ntchito ziwiri, ina yosafuna kuganiza ya pocheza ina yofuna mutu ya pomwe muli nokha, koma zisapitirire pamenepo chifukwa zikachuluka palibe imatha. Sokosi yachiwiri muziyiyamba tsiku lomwelo mwamaliza yoyamba, olo mizere itatu yokha.

Mukakonza khosi lija, chotsatira chikhale chipewa cha mwana yemweyo, chimatha msanga ndipo muphunziramo rib, kuyeza ndi kuchepetsa masitichi. Yezani mutu wake ndi tepi pamwamba pa makutu. Tinene mwapeza masentimita 50, chotsanipo 5 kuti chizigwira mutu, atsala 45. Ngati kansalu kanu koyeserera kakupatsani masitichi 22 pa masentimita 10 ndiye 45 kuchulukitsa ndi 2.2 ndi 99, ikani 100 kuti agawike bwino pa rib ya awiri knit awiri purl, ndipo ngati mukuluka chafulati kuti mudzasoke kumbuyo onjezerani 2 a msoko. Masitichi oyambirawo muwayike momasuka, olo pa singano yokulirapo pang'ono kenako mubwerere ku yanu. Ngati nambala ya kansalu kanu ndi ina gwiritsani ntchito yanuyo osati yanga. Mukafika pochepetsa pamwamba zikakuvutani mundilemberenso, mundiuze masitichi omwe muli nawo pa singano tigawe limodzi.